Galaja ya ku Moatize imene inamanga torque converter yakale pa injini ina ya Ford Fairmont GT

Eni galimoto zakale za injini ya V8 ndi giyabokosi ya otomatiki si ambiri m'chigawo chino cha Tete ku Mozambique, koma ochepa amene alipo amadandaula chinthu chimodzi. Injini ina imapezeka ngati munthu ali ndi ndalama komanso abale ku Joni, koma mmisiri woti ailumikize bwino ku giyabokosi ndiye wosowa. Ndikulemba za galaja ina ya ku Moatize, imene ili chapafupi ndi msewu wa N7, chifukwa inagwira ntchito yotereyi pa galimoto ya malume anga, ndipo ndikukhulupirira kuti ena angapindule atadziwa mmene inagwirira. Pa luso ndi pa chilungamo galajayi ndi yodalirika ndipo sindikayika kuiyamikira, koma pa kusunga nthawi ndi pa kuuza kasitomala zimene zikuchitika ili ndi zambiri zoti ikonze.

Galimotoyo ndi Ford Fairmont GT ya 1971. Galimoto zimenezi ankazilumikiza ku Port Elizabeth m'dziko la South Africa pogwiritsa ntchito zipangizo za Falcon GT ya ku Australia, n'chifukwa chake chiwongolero chake chili kumanja monga mmene misewu yathu imafunira, ndipo zinkatuluka ndi injini ya 351 Cleveland ya malita 5.8. Ya malume ili ndi giyabokosi ya FMX ya magiya 3 opita kutsogolo. Iwo anaigula akugwira ntchito ku Joni, ndipo anabwera nayo ku Ulongwe atapuma pa ntchito. Injini yake inatha itatentha kwambiri pa ulendo wina wa mu Okutobala, mpaka buloko inang'aluka pakati pa silinda ndi njira ya madzi. Imene inapezeka m'malo mwake ndi 302, imene ambiri amaitcha 5.0, yopangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo inachotsedwa m'galimoto ya magiya amanja. Kusinthanitsa kotereku n'kotheka chifukwa 302, 351 Windsor ndi 351 Cleveland zili ndi mabowo 6 ofanana kumbuyo kumene giyabokosi imamangidwira. Koma kufanana kwa mabowo amenewa ndi kumene kumasocheretsa anthu ambiri, poti akaona mabawuti alowa amayesa kuti ntchito yatha.

Tisanatsikire ku Moatize tinalandira malangizo a mitundu iwiri ku Ulongwe konkuno. Ena ankati injini ina imafuna torque converter (chitsulo cholumikiza injini ndi giyabokosi ya otomatiki) yatsopano basi, ndipo kugwiritsanso ntchito yakale ndi kuumira kumene kudzatilipiritsa kawiri. Ena ankati chitsulo chimenecho sichitha, tingochimangirira n'kumapita. Mmisiri wamkulu wa galajayi, bambo achikulire amene anagwirapo ntchito zaka zambiri pa magiyabokosi a makina okumba malasha, sanagwirizane ndi mbali iliyonse. Anawauza malume kuti: “Bambo, converter si ya injini, ndi ya giyabokosi. Oyilo wake ndi wa giyabokosi, mano ake amalowa m'shafiti ya giyabokosi, ndipo ndi iyo imene imayendetsa pampu ya giyabokosi. Ngati giyabokosi simukuisintha, musafulumire kutaya converter, koma musandiuzenso kuti ndiimange ndisanaiyeze.” Ntchito yonse inayenda motsatira mawu amenewa, ndipo ine ndikuona kuti ndi oona.

Kwa amene sanaionepo, torque converter ndi chitsulo chozungulira chotupa pakati, chodzaza oyilo, chowotcheredwa kuzungulira konse kotero kuti sichitseguka ndi sipanala, ndipo chimakhala pakati pa injini ndi giyabokosi, pamalo pamene galimoto ya magiya amanja imakhala ndi kalachi. Mkati mwake muli magudumu atatu a mapiko. Loyamba, impeller, ndi lomatidwa ku chigoba ndipo limazungulira ndi injini n'kumaponya oyilo. Lachiwiri, turbine, limalandira oyilo woponyedwayo n'kuzungulitsa shafiti yolowa m'giyabokosi, monga zimachitikira mukayang'anitsa mafani awiri n'kuyatsa imodzi yokha, inzakeyo nayo imayamba kuzungulira. Lachitatu, stator, ndi laling'ono ndipo lili pakati pa awiriwa. Ntchito yake ndi kubweza oyilo wochokera ku turbine kuti azithandiza impeller m'malo molimbana nayo, ndipo ndi chifukwa cha ilo kuti ponyamuka mphamvu yozungulitsa imachuluka pafupifupi kawiri. Stator imakhala pa kachipangizo kamene kamailola kuzungulira mbali imodzi yokha. Kachipangizoka kakamaterereka mbali zonse ziwiri, galimoto imanyamuka mofooka ngakhale imayenda bwino ikatenga liwiro, ndipo kakagwira mbali zonse ziwiri, galimoto imanyamuka bwino koma imalephera kuthamanga, oyilo n'kumatentha. Converter ya FMX ilibe kalachi ya mkati imene inayamba kufala m'magalimoto chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, choncho mulibe pepala la kalachi loti lithe, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chimene converter ya zaka zoposa 50 ingakhalebe yamoyo.

Chinthu choyamba chimene mmisiriyo anachita ndi kufunsa mmene injini yakale inafera, ndipo funsoli linali ndi chifukwa chake. Oyilo wa injini ndi wa giyabokosi sasakanikirana, choncho zitsulo zonyenyeka za injini sizifika m'converter. Koma oyilo wa giyabokosi amadutsa m'kapaipi kamene kali mkati mwa rediyeta kuti azizire, ndipo kapaipiko kakabooka madzi amalowa m'oyilo, oyiloyo n'kusanduka wotuwa ndi wa thovu, mapepala a makalachi a m'giyabokosi n'kuyamba kumatuka. Popeza injini ya malume inafa ndi kutentha, iwo anafuna kutsimikiza kuti zimenezi sizinachitike. Converter za Ford za nthawi imeneyo zili ndi kabawuti kokhetsera oyilo. Anamasula kabawutiko, nakhetsera oyilo m'beseni loyera kudzera pa nsalu yoyera, kenako anatiitana kuti tidzaone tokha. Oyiloyo anali wofiira moderako, wopanda thovu ndi wopanda fungo la kupserera, ndipo pa nsalu sipanatsale tizitsulo tonyezimira. Atayendetsa maginito m'besenimo anatuluka ndi kaufa kochepa kotuwa, kamene anakapaka pakati pa zala nati ndi kutha kwa masiku onse, osati kusweka. Anamasulanso chivindikiro cha pansi pa giyabokosi, ndipo m'menemo munali chimodzimodzi.

Kenako anaika converter pa benchi khosi lake litaloza kumwamba. Khosi limeneli ndi limene limalowa m'pampu, ndipo pa ilo ndi pamene seal yotchinga oyilo ndi bushi yogwira khosilo zimakhudza. Anayendetsa chikhadabo pa mzere umene seal inasiya. Mzerewo unali wooneka ndi maso, koma chikhadabo sichinakodwe, ndipo anati ukanakhala mzere wokumbika, seal yatsopano ikanadontha mwezi usanathe. Anapukuta khosilo ndi sandipepa yosalala kwambiri. Analowetsa pulayazi yaitali n'kugwira mano a stator, natembenuza: mbali imodzi inazungulira mosavuta, mbali inayo inakana. Anayeza kusewera kwa turbine ndi geji ya wotchi, anayang'ana ulusi wa mabawuti 4 owotcheredwa kumaso kwa converter ndi mowotcheredwa mwake ngati muli ming'alu, ndipo anaika lula yachitsulo kumasoko kuti aone ngati chigoba chinatupa, popeza converter yotupa imakankha crankshaft, shafiti yaikulu ya injini, kutsogolo n'kudya beringi imene imaletsa crankshaft kusuntha. Seal ndi bushi za pampu anasintha ngakhale zinali zisanathe, chifukwa ndi zotchipa, pamene kuzifikiranso kumafuna kutsitsa giyabokosi yonse.

Chimene chinandichititsa kuwakhulupirira kwambiri ndi zimene ananena atamaliza kuyeza. Anati: “Zimene ndaona ndi za kunja ndi za pakhomo. Mkati mwenimweni simuoneka popanda kudula chigoba pa makina, kuchiwotchereranso ndi kuchibalansa, ndipo makina amenewo ine ndilibe. Mukafuna kugona tulo tofa nato, tumizani ku Joni akaitsegule. Koma ikanakhala galimoto yanga, ndikanaimanga mmene ilili.” Mmisiri wina akanatha kuthira petulo kapena dizilo m'converter, kuikhutchumula pang'ono n'kutilipiritsa ngati waikonza. Awa sanatero, ndipo anatiuza mosabisa kuti kutsuka kotero sikuchotsa zinyenyeswa zimene zamatirira m'mphepete mwa chigoba. Malume anasankha kuimanga.

Chodabwitsa kwa ife chinali chakuti chimene chinafunika kusinthidwa si converter koma flexplate, chimbale chopyapyala cha mano m'mbali chimene chimamangidwa ku crankshaft, chimene sitata imaluma poliza injini, ndiponso pamene converter imamangiriridwa. Injini zimenezi za Ford sizibalansidwa mkati mokha; gawo lina la kulemera kolinganiza crankshaft lili pa flexplate kumbuyo ndi pa damper, chitsulo chozungulira chimene chili kutsogolo kwa crankshaft. Injini za 289, za 302 zoyambirira, za 351 Windsor ndi za 351 Cleveland zimafuna kulemera kumene kumalembedwa kuti 28 oz, koma kuyambira mu 1981 Ford inasintha crankshaft ya 302, ndipo kulemerako kunakhala 50 oz. Vuto ndi lakuti flexplate ya 28 oz imalowa bwinobwino pa crankshaft ya 50 oz, mabawuti onse n'kumangika, ndipo palibe chimene chimakuchenjezani kufikira injini italira. Ikalira, galimoto imanjenjemera, maberingi a crankshaft amadyeka, bushi ya pampu imatha, nthawi zina flexplate imang'aluka, ndipo mwini galimoto amaloza chala converter yakale imene ilibe mlandu. Ndikukhulupirira kuti mbiri yoipa imene kugwiritsanso ntchito converter yakale kuli nayo imachokera kwambiri pa cholakwika chimenechi. Mmisiriyo anatitengera pansi pa injini zonse ziwiri, natisonyeza kachitsulo kowotcheredwa pa flexplate yakale ndi kukula kwa kulemera kwa pa fulayiwilo, chimbale chimene chimakhala pamalo pa flexplate pa galimoto ya magiya amanja, imene inabwera ndi 302, kuti tione ndi maso kuti n'zosiyana.

Kulemera si kokha kumene kumafunika kugwirizana. Ma flexplate a injini zimenezi alipo a mano 157 ndi a mano 164, ndipo mabowo a mabawuti a converter amakhala pa mzere wozungulira wa mainchesi 10.5 pa oyambawo, ndi wa mainchesi 11 ndi 7/16 pa achiwiriwo. FMX ya malume imafuna ya mano 164, choncho chimene tinayenera kupeza ndi flexplate ya mano 164 ndi kulemera kwa 50 oz, ndipo itafika, mmisiriyo anaiika pambali pa yakale n'kuyeza kuya kwa mbale zonse ziwiri asanavomereze. Palinso chilata chopyapyala chimene chimakhala pakati pa buloko ndi giyabokosi, chimene bowo lake limakhazika sitata pamalo oyenera. Chimene chinabwera ndi 302 chinali cha mano 157, choncho anachichotsa n'kuikapo cha injini yakale, pamodzi ndi sitata yakale ya otomatiki. Mabawuti a flexplate anawapaka mankhwala otseka ulusi, chifukwa pa injini zimenezi mabowo a crankshaft amatulukira mkati mmene muli oyilo, ndipo akasiyidwa owuma oyilo amadontha ngati kuti seal ya kumbuyo yatha.

Panali chinthu china chaching'ono chimene chikanawononga zonse. Pakati pa converter, kumaso kwake, pali kamphuno ka mamilimita pafupifupi 35 kamene kamalowa m'bowo la kumbuyo kwa crankshaft, ndipo ndi kamphuno kameneka kamene kamakhazika converter pakati penipeni, osati mabawuti. Popeza injini ya 302 inachokera m'galimoto ya magiya amanja, m'bowomo munali kaberingi kogwira shafiti ya kalachi, kodera ndi dzimbiri moti sikanali kuoneka bwino. Mnyamata wina wa pagalajapo ndiye anakaona, ndipo mmisiri anamuyamikira pamaso pathu, chinthu chimene si amisiri onse amachita. Anadzaza bowolo ndi girisi, nalowetsa chitsulo chokwana ndendende pakati pa kaberingiko, namenya ndi hamala, girisi n'kukakankhira kunja pang'onopang'ono. Atatsuka dzimbiri, ananyamula converter anthu awiri n'kuyesa kamphunoko pa crankshaft flexplate isanamangidwe, kuti amve ndi manja ngati kakulowa ndi kutuluka mosakakamira. Anayezanso kusewera kwa crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo, kumene pa injini imeneyi kumayenera kukhala pakati pa mamilimita 0.10 ndi 0.20, kuti ngati beringiyo idzatha m'tsogolo, tidzadziwe kuti inayamba ili bwino.

Pa kamangidwe ndi pamene ndinaona kusiyana kwa mmisiri ndi womanga mabawuti chabe. Converter simangidwa ku injini poyamba. Imayamba yalowa m'giyabokosi. Anathira oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi mkati mwake, napaka wina pa khosi, nayamba kuizungulitsa akuikankha pang'onopang'ono. Imayenera kulowa katatu: mano a shafiti yolowa, mano a chogwirira stator, ndipo pomaliza khosi limalowa m'giya ya pampu. Kulowa kwachitatuku ndi kumene anthu ambiri amaphonya, ndipo kwa ife kunatenga nthawi ndithu, mpaka tinamva kugunda kwa mkati converter itamira. Sanakhutire ndi phokosolo. Anaika lula pakamwa pa giyabokosi, nayeza kuya kwa converter, nalemba nambalayo ndi choko pa chitsulo, nayezanso kutalika kwa flexplate kuchokera pa buloko, n'kuchotsera. Mpata umene umatsala umayenera kukhala wa mamilimita 3 mpaka 5. Ukapanda kukhalapo, ndiye kuti converter ikukanikiza pampu, ndipo pampuyo imasweka injini ikangolira koyamba kapenanso pomanga pomwepo. Ukachuluka, khosi limatuluka kwambiri m'giya ya pampu n'kumagwira m'mphepete mokha. Polumikiza, anakana kugwiritsa ntchito mabawuti kukokera giyabokosi ku injini. Anadikira mpaka zitsulo ziwirizi zitakumana zokha ndi mphamvu ya manja pa zikhomo zake ziwiri, mabawuti 4 a converter atatulukira m'mabowo a flexplate, ndipo kabawuti kokhetsera oyilo katalunjika bowo lake, chifukwa kakakanikizika kumbuyo kwa mbale kamaipinda. Asanamange manati analowetsa chala n'kugwedeza converter, ndipo inali kusewera momasuka.

Malume anali ndi funso limodzi limene linkawavuta kuyambira pachiyambi. Anafunsa kuti: “Kodi amisiri, galimotoyi idzanyamuka monga inkachitira kale?” Yankho linali lakuti ayi, ndipo kufotokoza kwake kunali komveka. Converter iliyonse ili ndi liwiro limene injini imafika mukaponda mabuleki ndi moto nthawi imodzi galimoto ili pa giya, limene amisiri amalitcha stall. Liwiro limeneli silidalira converter yokha. Limadaliranso mphamvu yozungulitsa ya injini imene ili kutsogolo kwake. Converter yomweyo ikakhala kumbuyo kwa injini yaikulu stall imakwera, ikakhala kumbuyo kwa yaing'ono imatsika, ndipo mphamvu ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 5, stall imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Kuchoka pa 351 kupita pa 302 ndi kutsika, choncho galimoto inayenera kunyamuka modekha kuposa kale. Chimene chinapulumutsa zinthu ndi chakuti 302 yathu ili ndi camshaft (shafiti yotsegula mavalavu a injini) ya kufakitale, imene imapereka mphamvu injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Ikanakhala ndi camshaft ya mpikisano, imene mphamvu yake imayambira pamwamba, converter yakale ikanaigwira pakhosi, galimoto n'kumafuna kuzima pa maloboti ndi kukankha mabuleki, ndipo pamenepo converter ina ya stall yokwera ikanafunika ndithu. Ntchito itatha anayesa stall mwachidule, osapyola masekondi 5 chifukwa kuyesa kumeneku kumatenthetsa oyilo mofulumira, ndipo singano inaima pafupi ndi 1,500.

Za kutentha sangazinyalanyaze munthu amene amayendetsa galimoto kuno. Mzinda wa Tete ndi Moatize zili m'chigwa cha Zambezi mmene kutentha kumapyola madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo wobwerera ku Angónia, boma limene kuli Ulongwe, amakwera kuchoka pa mamita osakwana 200 kufika pa mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja. Converter yopanda kalachi ya mkati imaterereka pang'ono nthawi zonse, ndipo kutererekako kumasanduka kutentha, makamaka pa chitunda. Galajayi inatsuka mapaipi onse a oyilo, inayesa kapaipi ka m'rediyeta yatsopano ndi mphepo, ndipo inatilangiza kuika kachoziziritsira kena kutsogolo kwa rediyeta, kolumikizidwa pambuyo pa kapaipi kaja. Ndalama imeneyo sindiidandaula. Inalumikizanso bwino paipi ya vacuum yopita ku modulator, imene imauza giyabokosi mmene injini yalemedwera, ndi ndodo yotsitsa giya mukaponda moto mpaka pansi, imene inafunika kupindidwa mwatsopano chifukwa 302 ndi yaifupi ndi yopapatiza kuposa Cleveland. Pa oyilo mmisiriyo sananyengerere: FMX inapangidwira oyilo wa Type F, ndipo Dexron, amene ndiye wodzaza m'masitolo athu, ndi woterera kwambiri kwa makalachi ake.

Tsopano zodandaula, ndipo si zazing'ono. Tsiku limene anatilonjeza kuti galimoto idzatha linasunthidwa mobwerezabwereza, ndipo palibe nthawi imene iwo anayamba kutiimbira kutiuza za kusunthako. Foni ya mmisiri wamkulu nthawi zambiri siyankhidwa masana chifukwa amakhala pansi pa galimoto, zimene n'zomveka, koma palibe munthu wina amene anapatsidwa udindo woyankha makasitomala. Kwa munthu wa ku Moatize komweko, amene angangodutsa pagalajapo pochokera kumsika, vutoli ndi lochepa. Kwa ife ochokera ku Ulongwe, ulendo wa makilomita oposa 200 kudzera pa mphambano ya Mussacama, kufika n'kupeza injini ikadali pa tcheni ndi chinthu chowawa, makamaka kwa munthu wachikulire ngati malume. Mtengo nawo sunalembedwe pa pepala pachiyambi. Unanenedwa pakamwa, ndipo ngakhale ndalama yomaliza sinasiyane kwambiri ndi imene tinamvana, zowonjezera zake tinazimva pa tsiku lolipira. Sindikuganiza kuti panali chinyengo, chifukwa chilichonse chimene anawonjezera anatisonyeza pa galimoto, koma munthu amene wagulitsa mbatata ndi chimanga kuti akonzetse galimoto amafunika kudziwiratu kuti akonzekere mametikali angati.

Chachiwiri ndi cha zipangizo. Galajayi siitanitsa zinthu kunja kwa dziko, choncho flexplate, seal, bushi ndi oyilo wa Type F tinayenera kuzifunafuna tokha kudzera mwa wachibale wa ku Johannesburg, kuzitumiza pa basi, ndi kulipira msonkho pa chipata. Ubwino wake ndi wakuti mmisiriyo anatilembera pa kapepala zonse zofunika, nambala ya mano ndi kulemera kwake, moti palibe chimene chinabwera cholakwika. Komabe galaja imene ili ndi luso lotere ikanayenera kukhala ndi wogulitsa mmodzi kapena awiri amene imagwirizana nawo. Chachitatu ndi fumbi. Bwalo lake ndi la dothi, ndipo aliyense wodziwa Moatize amadziwa fumbi la malasha limene limakuta chilichonse. Mmisiri wamkulu ankaphimba khosi la converter ndi pakamwa pa giyabokosi ndi pulasitiki nthawi zonse, koma kachipinda kotsekedwa kokhala ndi simenti pansi n'kofunika pa ntchito ya otomatiki. Panalinso kudontha pang'ono pa cholumikizira cha paipi ya kachoziziritsira katsopano, kumene tinakuona titafika kunyumba. Anakonza osalipiritsa ndipo anapepesa, koma chitsimikizo cholembedwa cha ntchito yawo sapereka.

Mmene galimoto ikuyendera tsopano ndi umboni wokwanira kwa ine. Injini ikamalira galimoto itaima, chiwongolero ndi galasi loonera kumbuyo sizinjenjemera, ndipo kukweza moto mpaka 3,000 sikubweretsa kunjenjemera kumene flexplate yolakwika imabweretsa. Giya imalowa msanga mukaika pa D ngakhale m'mawa wozizira wa ku Angónia, chizindikiro chakuti pampu ili bwino ndipo converter sikubweza oyilo usiku. Ponyamuka ndi yodekha kuposa kale, monga anatiuziratu, ndipo malume amaona kusiyanako kuposa ine chifukwa anazolowera Cleveland kwa zaka zambiri. Pa zitunda za pakati pa Mussacama ndi Ulongwe imakwera popanda kusinthasintha magiya, ndipo tikaima n'kusolola chitsulo choyezera oyilo, oyiloyo amakhala wofiira ndi wopanda fungo. Pansi pa giyabokosi ndi pouma.

Pali langizo lina limene anatipatsa mwa kufuna kwawo, ndipo ndikuliona kuti ndi la mtengo wapatali. Anatiletsa kugulitsa injini ya Cleveland kwa ogula zitsulo zakutha, pamodzi ndi flexplate yake ya 28 oz, chifukwa Fairmont GT imene ili ndi injini yake yoyambirira, ngakhale yong'aluka, imalemekezedwa kwambiri ndi osunga galimoto zakale ku South Africa ndi ku Australia kuposa imene ilibe. Anaithira oyilo m'masilinda, naikulunga, ndipo tinaitenga.

Amene ndingawatumize ku galajayi ndi amene giyabokosi yawo inali kuyenda bwino injini isanafe, amene akuika injini ya kufakitale yosasiyana kwambiri mphamvu ndi yakale, ndiponso amene angathe kupirira nthawi ndi kudzipezera okha zipangizo. Ngati giyabokosi ndi imene inafa, oyilo wake ali wakuda ndi wa tizitsulo, musayembekeze kuti adzavomera kumanga converter yakale, chifukwa ndinaona ndekha akumukanira mwini galimoto ina ya Chevrolet amene ankaumirira kuti aitsuke chabe. Anamuuza kuti zinyenyeswa zotsalira m'converter zidzabwerera m'giyabokosi yokonzedwayo n'kuiwononganso. Chimodzimodzi ngati mukusinthanso mtundu wa giyabokosi, popeza converter ya FMX silowa pa magiyabokosi ena a Ford monga C4 kapena C6, ndipo pamenepo funso la kuigwiritsanso ntchito silikhalapo n'komwe. Mukamapita, tengani injini yakale ndi zonse zimene zinali kumbuyo kwake, chifukwa chilata, sitata ndi flexplate zakale ndi zimene mmisiri amayezerapo zatsopano, ndipo ntchito isanayambe pemphani kuti mtengo ndi tsiku lomaliza zilembedwe pa pepala, komanso mutenge nambala ya foni ya mmodzi wa anyamata ogwira ntchito pamenepo.